Riboni ya AutoCAD ikasowa kapena mabatani akakana kugwira: kuthetsa mavuto a mapanelo ndi makiyi achidule

M'maofesi ojambula mapulani a nyumba ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, dandaulo ili silitha: munthu wakonza bwinobwino panelo yake ya mabatani pa riboni ya AutoCAD (lamba wa matabu ndi mabatani wa pamwamba pa sikirini), m'mawa mwake yasowa. Wina wasintha kuti akalemba chilembo C azikopera, koma C akungojambulabe chozungulira. Ambiri akafika apa amachotsa pulogalamu yonse n'kuiikanso, tsiku lathunthu n'kupita pomwe mwini nyumba akudikira pulani yoti apereke ku khonsolo. Kawirikawiri pulogalamuyo imakhala ilibe vuto. Zomwe mumasintha zimasungidwa m'malo atatu osiyana, ndipo munthu amataya nthawi akafufuza pamalo olakwika.

- Fayilo ya acad.cuix imasunga matabu, mapanelo, mabatani, ma macro (mizere ya zilembo yomwe mabatani amatumiza) ndi makiyi monga Ctrl+1 kapena F8. Imatsegulidwa ndi komandi ya CUI.
- Workspace ndiyo imasankha matabu ndi mapanelo oti aoneke pasikirini. Imakhala m'fayilo ya cuix momwemo, koma ndi mndandanda wapawokha.
- Fayilo ya acad.pgp imasunga zidule zolemba pa kiyibodi, monga L, TR ndi CO.

Mu AutoCAD LT, mtundu wa AutoCAD wokhala ndi zida zochepa, mafayilowa amatchedwa acadlt.cuix ndi acadlt.pgp. Zolembedwa pano ndi za AutoCAD ya pa Windows kuyambira ya 2010, pomwe mtundu wa cuix unayamba, ngakhale zina monga Trusted Locations zinabwera m'mitundu ya pambuyo pake.

## Musanakhudze kalikonse

Tsekani AutoCAD. Dinani Windows+R, lembani `%appdata%\Autodesk`, kenako lowani m'foda ya AutoCAD yanu mpaka mufike pa Support. Kwa amene ali ndi ya 2024 njira yake ndi `AutoCAD 2024\R24.3\enu\Support`. Koperani foda yonse ya Support pa fulashi, dzina lake mulembepo deti. Mukatsegulanso pulogalamu, lembani OPTIONS, pitani pa tabu ya Profiles, dinani Export kuti musunge fayilo ya arg, yomwe imanyamula profile yanu, ndiye kuti zosankha zanu za mu OPTIONS. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo zina zomwe zili m'munsimu sizibwezeka ngati simunachite izi.

## Riboni yonse yasowa, kapena angotsala mayina a matabu

1. Yangofupikitsidwa. Kumapeto kwa mzere wa matabu kuli kabatani ka muvi. Kadineni mobwereza mpaka riboni ibwerere yonse.
2. Mwadina Ctrl+0 mwangozi, zomwe zimabisa riboni ndi mapaleti (timawindo ta zida) onse. Dinaninso Ctrl+0.
3. Yatsekedwa. Lembani RIBBON. Ngati malo olembera komandi nawonso palibe, yambani mwadina Ctrl+9.
4. Pakuoneka uthenga woti "The Ribbon does not have any tabs or panels currently loaded". Dinani kachithunzi ka giya pansi kumanja, sankhani Drafting & Annotation. Ngati mndandandawo mulibe kanthu, tsegulani OPTIONS, tabu ya Files, Customization Files, Main Customization File, muone ngati njirayo ikulozadi pa acad.cuix yomwe ilipo. Izi zimachitikachitika pa kompyuta yomwe fayiloyo inali pa fulashi kapena pa kompyuta ina ya mu ofesi yomwe lero yazimitsidwa.
5. Fayilo ya cuix yawonongeka. Mu CUI, dinani kumanja kwa mausi pa dzina la ACAD pamwamba penipeni, sankhani Restore. Izi zimabweza fayilo ya acad.bak.cuix yomwe pulogalamu imasunga yokha. Pafupi pomwepo pali Reset, yomwe imafafaniza zonse zomwe munasintha m'fayiloyo. Musaisankhe Restore isanalephere.

## Panelo yomwe mwapanga siikuoneka

Ili ndiye vuto lofala kwambiri kwa oyamba kumene. Kupanga panelo mu CUI sikuionetsa pasikirini. Zili ngati katundu yemwe wafika m'golosale koma akadali m'makatoni kuseri, sanaikidwe pashelefu. Batani liyenera kukhala mu panelo, panelo ikhale pa tabu, tabu ikhale mu workspace yomwe mukugwiritsa ntchito. Pakaduka pamodzi, simuona kanthu.

1. Panelo sinaikidwe pa tabu. Mu CUI tsegulani Ribbon, kenako Panels, dinani kumanja pa panelo yanu, sankhani Copy. Tsegulani Tabs, dinani kumanja pa tabu yomwe mukufuna, sankhani Paste.
2. Tabu ndi yatsopano ndipo sinalowetsedwe mu workspace. Kumanzere sankhani workspace yanu, kumanja dinani Customize Workspace. Bwererani kumanzere, tsegulani Ribbon ndi Tabs, chongani kabokosi ka tabu yanu. Dinani Done, kenako Apply. Anthu ambiri amaiwala Done.
3. Yabisika. Dinani kumanja pamalo opanda kanthu pa riboni, yang'anani pa Show Tabs ndi Show Panels ngati dzina lake lachongedwa.
4. Mabatani ali pansi pa mzere wolembedwa SLIDEOUT. Chilichonse chokhala pansi pa mzerewu chimaoneka pokhapokha mutadina dzina la panelo. Kokerani mzere wa mabataniwo pamwamba pake.
5. Sikirini ndi yaing'ono. Pa laputopu ya 1366 x 768, tabu ya Home imadzaza kale, ndiye panelo yowonjezera imafinyidwa n'kukhala batani limodzi. Sankhani paneloyo pansi pa tabu yake mu CUI, musinthe Resize Style ikhale Collapse last. Chanzeru koposa n'kupanga tabu yanuyanu m'malo mopanikiza zonse pa Home.
6. Munaikokera kunja kwa riboni, ikuyandama pa sikirini yachiwiri yomwe pano mwaichotsa. Lumikizaninso sikiriniyo, ikani mausi pa paneloyo, dinani Return Panels to Ribbon. Mukamaliza, LOCKUI imathandiza kuti zinthu zisamakokedwe mwangozi.

## Zonse zimabwerera mwakale mukatsegulanso pulogalamu

1. Workspace sinasungidwe. Mukakonza zonse momwe mukufunira, lembani WSSAVE, mupatse dzina lanu. Mu WSSETTINGS muli posankha poti Automatically save workspace changes, koma dziwani kuti imasunganso zolakwika: mukatseka panelo mwangozi, nazonso zasungidwa. Pa kompyuta yomwe amagwiritsa ntchito anthu angapo, kusunga nokha ndi WSSAVE n'kodalirika.
2. Munatsegula AutoCAD kawiri nthawi imodzi. Yomwe yatsekedwa pomaliza ndiyo imalemba zake pamwamba pa zinazo. Posintha riboni, siyani imodzi yokha.
3. Malaiti anazima, kapena batire ya laputopu inatha pulogalamu isanatsekedwe bwino. Zina mwa zosintha, makamaka za mu OPTIONS ndi malo a mapaleti, zimalembedwa pulogalamu ikamatsekedwa. Mukangomaliza kusintha, tsekani AutoCAD n'kuitsegulanso musanayambe kujambula.
4. Mwalowa ndi dzina lina la Windows, kapena profile yasintha. Munthu aliyense wa pa Windows ali ndi foda yake ya Support. Lembani CPROFILE muone profile yomwe ikugwira ntchito. Ngati pa kompyutapo pali AutoCAD ziwiri, kapena palinso Civil 3D, kudina kawiri pa fayilo ya dwg kumatha kutsegula ina, osati yomwe munakonza.
5. Fayilo yaikidwa ngati Enterprise Customization File. Yotereyi imangowerengedwa, siilola kusintha, ndipo inaikidwa dala ndi woyang'anira makompyuta.

Chothetsa vutoli kwa nthawi yaitali n'kusaika zanu mu acad.cuix. Mu CUI pitani pa tabu ya Transfer, pangani fayilo yatsopano, muisunge ndi dzina monga ofesi.cuix m'foda yanu, mwachitsanzo `C:\CAD\Ofesi`. Ilowetseni ndi CUILOAD. Fodayo muiwonjezere pa Support File Search Path ndi pa Trusted Locations mu OPTIONS. Kuyambira pamenepo, musanapange panelo kapena komandi, muzisankha ofesi.cuix pa mndandanda wa pamwamba kumanzere mu CUI. Mukadzachita Reset, kapena kusamukira pa kompyuta ina, mumangolowetsanso fayilo imodziyi n'kuchonga tabu yake mu workspace. Wophunzira amene amajambulira pa makompyuta a pasukulu, omwe ena amabwerera mwakale akangozimitsidwa, aziyenda nayo pa fulashi.

## Batani likuoneka koma likuchita zina, kapena likuimira panjira

Apa vuto lili mu macro, mzere wa zilembo womwe batani limatumiza ngati kuti mukulemba nokha. Chilembo chilichonse chili ndi ntchito:

- `^C^C` ndi Esc kawiri, kuletsa komandi yomwe inali mkati.
- `;` ndi Enter. Mpata wopanda kanthu nawonso umawerengedwa ngati Enter.
- `\` amaimitsa macro kudikira kuti mudine pasikirini kapena mulembe.
- `_` amachititsa kuti dzina la Chingerezi la komandi ligwire mu AutoCAD ya chilankhulo chilichonse.
- `-` patsogolo pa komandi amachititsa kuti ifunse mafunso pamzere wolembera m'malo motsegula bokosi.
- `*` poyambirira penipeni amabwereza macro mpaka mutadina Esc.

Titenge batani lojambulira khoma la mabuloko a 6 inchi, lomwe pa pulani ndi mamilimita 150. Macro yake ndi `^C^C_offset;150;` basi. Mukalidina, pulogalamu ikufunsani mzere woti isunthe. Mukawonjeza `;` wina kumapeto, Enter wachiwiriyo amayankha funso losankha mzere, komandi n'kutha musanadine kalikonse, ndipo munthu amangoona ngati batani lafa.

Kuti mudziwe pomwe yaimira, dinani batanilo kenako F2, muwerenge zomwe pulogalamu inafunsa ndi zomwe macro inayankha, mzere ndi mzere. Zoyambitsa, kuyambira chofala:

1. Pali `;` kapena mpata wowonjezera, kapena wina wasowa. Mpata wa kumapeto suoneka ndi maso, choncho dinani kumapeto kwa mzere muone pomwe kamzere kothwanima kaima.
2. Mwagwiritsa ntchito komandi yotsegula bokosi. Macro singayankhe mafunso a m'bokosi. Lembani `-layer`, `-insert`, `-hatch`. Mwachitsanzo `^C^C_-layer;_make;MAKOMA;;_line` imapanga leya ya MAKOMA, kuisankha, n'kuyamba mzere. Mayina a maleya ndi mabuloko (zojambula zokonzeratu zongoika mu pulani, monga chitseko) ogwiritsa ntchito mu macro asakhale ndi mpata pakati.
3. Mu njira ya fayilo mwalemba `\`. Macro imaona ngati mwaiuza kuti idikire. Lembani `C:/CAD/Ofesi/chitseko`, ndi kamzere kopendekera kutsogolo.
4. Mafunso a komandi asintha. Macro ya `^C^C_-insert;CHITSEKO;\1;1;\` imayembekezera mafunso awiri a sikelo, koma buloko yomwe inapangidwa ndi Scale uniformly imafunsa kamodzi kokha, ndiye 1 wachiwiriyo amapita ku funso la kutembenuza, chitseko n'kukhala chopendekeka ndi digiri imodzi. Chimodzimodzi TRIM ndi EXTEND: kuyambira AutoCAD 2021 zimayamba mu Quick mode, ndipo ma macro akale omwe ankayamba ndi kusankha malire amasokonekera. TRIMEXTENDMODE ikakhala 0, mafunso akale amabwerera.
5. Pakutuluka "Unknown command". Batani likuitana komandi ya m'fayilo ya LISP (kapulogalamu kowonjezera makomandi mu AutoCAD) yomwe sinalowetsedwe. Lembani APPLOAD, muiwonjezere mu Startup Suite, ndipo foda yake ikhale mu Trusted Locations. Ngati komandiyo ndi ya Express Tools, dziwani kuti mu LT mulibe, ndipo LT inayamba kulandira LISP mu 2024.
6. Muyeso wa chojambula ndi wina. Mapulani a nyumba amajambulidwa m'mamilimita, koma chojambula cha puloti chochokera kwa oyeza malo nthawi zambiri chimakhala m'mamita. Mmenemo 150 ndi mamita 150, ndipo mzere umakagwera kutali kunja kwa sikirini. Onani INSUNITS: 4 ndi mamilimita, 6 ndi mamita. Yezaninso mbali imodzi yomwe mukuidziwa ndi DIST, chifukwa INSUNITS imatha kukhala yolakwika.

Njira yosaphonya yolembera macro ndi iyi: yendetsani komandiyo ndi manja kaye, muzilemba papepala yankho lililonse. Paliponse pomwe munadina Enter ikani `;`, ndipo pomwe munadina pasikirini ikani `\`.

## Chidule cholemba sichikusintha

1. Fayilo sinawerengedwenso. AutoCAD imawerenga acad.pgp poyamba pokha. Lembani REINIT, chongani PGP File, dinani OK.
2. Kalembedwe kalakwika. Mzere wolondola ndi `C, *COPY`, chidule, koma, kenako nyenyezi yogundana ndi dzina la komandi. Mzere woyamba ndi `;` suwerengedwa.
3. Chidule chimodzi chalembedwa kawiri. Cha m'munsi ndicho chimapambana. Musasinthe mizere ya pakati pa fayilo, lembani zanu kumapeto, pansi pa mutu wa User Defined Command Aliases. Mukapereka C kwa COPY, musaiwale kupatsa CIRCLE china, monga `CI, *CIRCLE`.
4. Mukusintha fayilo ina, osati yomwe pulogalamu ikuwerenga. Lembani `(findfile "acad.pgp")` ndipo ikuonetsani njira yeniyeni. Kutsegulira pa tabu ya Manage, pa Edit Aliases, kumapewetsa zimenezi. Onaninso ngati Notepad sinasunge fayiloyo ngati acad.pgp.txt.
5. Mukufuna chidule chinyamule nambala. Fayilo ya pgp imangolumikiza chidule ndi dzina la komandi, singanyamule 150 kapena mayankho ena. Zoterezo zimafuna macro pa batani kapena pa kiyi ya Ctrl.
6. Mndandanda wa mayina omwe umatuluka mukamalemba ukusankha komandi ina. Lembani INPUTSEARCHOPTIONS, muzimitse AutoCorrect, muyesenso.

Mu ofesi ya anthu angapo, gwirizanani zidule zimodzi. Wojambula wozolowera kuti C ndi chozungulira akakhala pa kompyuta ya mnzake pomwe C amakopera, amawononga chojambula asanazindikire.

## Makiyi a F ndi a Ctrl sakugwira

1. Pa laputopu, F8 akusintha voliyumu kapena kuwala m'malo moyatsa Ortho, yomwe imachititsa kuti mizere iziyenda choimirira kapena chogona basi. Gwirani Fn podina F8. Pa malaputopu ambiri Fn+Esc imasinthiratu khalidweli, pa ena zimasinthidwira mu BIOS.
2. Kiyi imodzi yapatsidwa makomandi awiri. Mu CUI tsegulani Keyboard Shortcuts, dinani Shortcut Keys, kumanja kutuluka mndandanda wonse. Chotsani imodzi. Yang'ananinso m'mafayilo owonjezera monga custom.cuix ndi ofesi.cuix.
3. Mukuyesa kuika chilembo chokha. Shortcut Keys imafuna Ctrl pamodzi ndi chilembo, kapena kiyi ya F. Chilembo chokha malo ake ndi mu pgp.
4. Delete sakufufuta, ndipo tabu ya Hatch Editor siituluka mukasankha hatch (timizere todzazira malo pa chojambula). Lembani PICKFIRST, muike 1.
5. Kugwira Shift sikuyatsa Ortho kwakanthawi. TEMPOVERRIDES ikhale 1. Koma ngati F8 akuchedwa kapena kuumitsa mausi, yesani kuiika pa 0.
6. Chizindikiro cha @ kapena `\` chikutuluka china. Malaputopu ogula ogwiritsidwa kale ntchito amabwera ndi makiyibodi osiyanasiyana. Pa ya US, @ ali pa Shift+2, pomwe pa ya UK, Shift+2 amatulutsa chizindikiro chogwira mawu. Dinani Windows+Space musankhe yogwirizana ndi zolembedwa pa makiyi anu.
7. Pulogalamu ina yalanda kiyiyo. Pa makompyuta ena a Intel, Ctrl+Alt ndi muvi zimatembenuza sikirini yonse. Musapereke makiyi amenewa kwa komandi iliyonse.

## Pa batani pali chizindikiro cha funso m'malo mwa kachithunzi

Pulogalamu yalephera kupeza chithunzicho, kawirikawiri chifukwa mwasamutsa cuix n'kusiya zithunzi pa kompyuta yakale. Zikopereni m'foda yomwe yalembedwa pa Custom Icon Location mu OPTIONS, kapena muzilowetse m'fayilo ya cuix momwemo kudzera mu Image Manager wa mu CUI kuti ziziyenda limodzi. Chaching'ono chikhale 16 x 16, chachikulu 32 x 32. Zikapanda kusintha, tsekani AutoCAD, fufutani mafayilo a mnr a dzina lofanana ndi cuix yanu. Pulogalamu imawapanganso yokha.

## Zonse zikakanika

Pa Start ya Windows, m'gulu la AutoCAD yanu, muli Reset Settings to Default. Tsekani pulogalamu kaye, ndipo musankhe njira yoyamba ndi kusunga zakale isanafafanize. Ikatha, lowetsaninso ofesi.cuix, ndipo mizere yanu ya zidule muikopere kuchokera mu acad.pgp ya pa fulashi. Musabweze foda yonse ya Support nthawi imodzi, chifukwa mubweza ndi vuto lomwe. Musatengenso acad.cuix ya AutoCAD ya chaka china n'kuiika pamwamba pa yanu. Posamuka kuchoka ku yakale, gwiritsani ntchito Migrate From a Previous Release kapena tabu ya Transfer.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- M'mafoda a mapulani mwayamba kupezeka mafayilo monga acad.lsp, acaddoc.lsp, acad.fas kapena acad.vlx omwe simunaike, ndipo makomandi akusintha okha. Awa amatha kukhala mavairasi oyenda ndi mafoda a zojambula. Lekani kupatsirana mafulashi, musatumize fodayo kwa kasitomala kapena kosindikizira, ndipo musaike SECURELOAD pa 0 pofuna kuti uthenga wochenjeza uleke kutuluka.
- Pulogalamu ikutseka ndi Fatal Error mukangotsegula CUI, ngakhale mutachita Reset. Vuto likhoza kukhala mu Windows, mu draiva ya zithunzi kapena m'mene pulogalamu inaikidwira.
- Malangizo omwe mwapeza pa intaneti akuti musinthe Registry, momwe Windows imasungira zosankha zake. Kulakwitsa mmenemo kumawononga zambiri kuposa AutoCAD.
- Fayilo ya cuix ili pa seva ndipo ofesi yonse imadalira yomweyo. Uzani amene amaiyang'anira, musaichotse chitetezo nokha.
- Uthenga womwe ukutuluka ndi wa laisensi. Umenewo sukhudzana ndi riboni, ndi wa amene anakugulitsani pulogalamu kapena a Autodesk.

Poitana katswiriyo, mukonzeretu chaka ndi mtundu wa AutoCAD yanu monga ikuonekera mukalemba ABOUT, chithunzi cha uthenga wonse, zolembedwa za pa F2, fulashi ya foda ya Support ija, ndiponso muwauze chomwe munasintha pomaliza vuto lisanayambe.